Achimwene a Papepala

Sarang anabadwa Kedar wanga asanabadwe. Ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa. Ine ndi achemwali anga a Mangal tinapita limodzi kumudzi kukachirira kwa amayi athu, monga timachitira pa mimba yoyamba, ndipo mchombo wa Sarang unagwa ine ndikadali kukoka mimba yanga pakhonde. Kedar anabwera sabata yotsatira, m'chipinda chomwecho, mvula yomweyo ikugwa. Ndiye munthu asamandiuze ine za amene ali wamkulu.

Koma kafunseni mumzinda wathu wa Sangli monse, akuuzani kuti Sarang ndi wamng'ono kwa Kedar ndi zaka ziwiri. Nzeru zimenezo n'za alamu anga a Pratap, amuna awo a achemwali. Atabwerera ndi khanda ku Pune kumene ankagwira ntchito, sanathamangire kukalembetsa ayi. Anadikira mpaka nthawi ya sukulu, n'kudulako zaka ziwiri. Amatero ambiri kuno, ndisaname. Mwana akachepa papepala amalowa m'kalasi ndi thupi lalikulu, pa mpikisano amasiya anzake kumbuyo, ndipo mayeso a ntchito za boma amayesa kambirimbiri msinkhu usanamutsekere khomo. Malemu amuna anga anali ndi choonadi chija chosadyetsa munthu. Anakalembetsa Kedar tsiku lenileni, n'kubwera akunyadira ngati agula munda.

Banja la achemwali litasamukira kuno ku Sangli, a Pratap anaika lamulo lakuti Sarang azitchula Kedar kuti achimwene, kuopa kuti anthu angayambe kuwerengera. Mwanayo anamvera. Ine nthawi iliyonse ndikamva "achimwene" ameneyo ndinkakumbukira mtengo wake. Kedar akalephera masamu, achibale ankati, taonani Sarang, kamwana kakang'ono koma mutu wakuthwa. Sarang akamenya mpira wa kiriketi mpaka kuseri kwa mpanda, akusewera ndi tiana tomulekeza m'khwapa, anthu ankaomba m'manja kuti mwanayu ndi chozizwitsa. Chozizwitsa chanji? Ikani tambala pakati pa anapiye muone ngati sakhala chozizwitsa.

Nsanje ndili nayo, sindibisa. Sarang anakula akukwera, timu ya sukulu, timu ya boma lathu, mpaka chaka chino anamutenga mu timu ya achinyamata ya chigawo chonse. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala, achemwali n'kuchipachika pabalaza pafupi ndi zithunzi za milungu yathu. Kedar wanga amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo chikasu kumsika waukulu. Amasankha, amayeza, amasoka matumba, ndipo zikhadabo zake sizimayera ngakhale atazikwecha ndi mwala. Chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa ndinkamukumbutsa kuti mnzakoyo ndi mkulu wako, asakupusitse. Iye ankangoti wamva, n'kupitiriza kudya.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinandiyendera ine achemwali asanachilawe. Kedar anapeza mbeta. Mtsikanayo dzina lake Revati, wa ku Miraj, amaphunzitsa ana a mkaka. Tinapita kwawo, anatiikira tiyi ndi mbale za pohe, mpunga wophwanya uja, anawo anayang'anana n'kugwetsa nkhope, ndipo wansembe wawo atafananitsa nyenyezi za awiriwa anati zagwirizana bwino lomwe. Bambo ake a mtsikanayo, munthu wopuma ntchito ya ku positi, ananena chinthu chimodzi: chuma alibe nacho ntchito, koma m'nyumba mwawo simunalowepo nkhani ya kupolisi, ndipo sakufuna iyambe ndi mkamwini. Ndinawayankha kuti pamenepo agone tulo. Nditakawauza achemwali, anamwetulira ndi mano okha. Kumwetulira kumeneko ndinakusunga mumtima sabata yathunthu.

Ndiyeno linafika tsiku la Gatari, lomaliza mwezi wosala nyama ndi mowa usanayambe, pamene amuna a kuno amadya ndi kumwa ngati mawa kulibe. Kedar ndi Sarang anapita ndi anzawo kukaotcha mbuzi pa chisakasa cha m'munda wa nzimbe, kufupi ndi mtsinje. Dzuwa likadali pamutu foni inalira. Apolisi anali akuzungulira m'minda tsiku limenelo, ndipo anawatola onse.

Ndinakwera rikisho, kagalimoto ka matayala atatu, ndi ufa m'manja. Kupolisi ndinapeza achemwali atafika kale, maso ali psuu, a Pratap akuyendayenda ndi foni kukhutu. Wapolisi wa pa tebulo anayamba ndi Sarang. Anati kuno mowa wa m'mabotolo munthu amayamba kumwa akakwana zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo chiphaso cha mnyamatayu chikuti ali ndi makumi awiri okha. Wamwa asanafike msinkhu, mlandu ndi umenewo.

Abale inu, ndinaluma nsonga ya nsalu yanga ya sari kuti kuseka kusatuluke. Zaka zonsezi ndikudikira! Choipa chitsata mwini. Zaka ziwiri zimene anaba zija zinabwera zokha kudzagogoda pakhomo, tsiku la chikondwerero, anthu akuona. Ndinayang'ana a Pratap, munthu wodziwa zonse uja, pakamwa pali gwaa ngati pa nsomba youma. Ndinafunsa wapolisiyo mokoma kuti nanga wangayu, poti ndi wamkulu, ndingamutenge tizipita?

Wapolisiyo anati ndidikire kaye. Anafunsa kuti Kedar ndi uti, n'kunena kuti kireti ya mowayo anagula ndi iyeyo, ndipo wavomera yekha kuti botolo limene Sarang anali nalo anamutsekulira ndi iye. Munthu wamkulu kupatsa mowa mwana wosafika msinkhu, umenewo ndiye mlandu wolemera kuposa wa womwayo.

Kuseka kuja kunathera pomwepo. Mwana wosafika msinkhu! Sarang, amene anayamba kuyamwa Kedar asanaone dzuwa. Anawatulutsa pa belo madzulo omwewo.

A Pratap anapeza loya, a Inamdar, mkulu wa imvi amene ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya nsalu pafupi ndi khoti. Tinapita tonse asanu. Anatikhazika pa benchi, iwo akutafuna njere zonunkhiritsa m'kamwa, n'kuyamba ndi Sarang, poti wolipira anali bambo ake. Anati mnyamatayu akhoza kukana mlandu, koma akatero azingoyendera khoti mwina zaka, ndipo masiku a khoti sadziwa kuti lero kuli mpira. Njira yabwino n'kuvomera, n'kupempha woweruza kuti amukhululukire ndi chenjezo chabe. Lamulo limachitira chifundo wolakwa koyamba, makamaka amene sanakwane zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo akamasulidwa mwa njira imeneyo, nkhaniyo simutsekera ntchito kutsogolo.

Mwamva? Bodza lomwe linamugwetsa m'dzenje ndi lomwenso linamuponyera chingwe. Achemwali anapumira m'mwamba n'kugwira mapazi a loyayo. Ine ndinangoti, anthu ena anabadwa ndi mwayi m'manja, ngakhale atagwa m'chimbudzi amatulukamo atagwira ndalama.

Za Kedar a Inamdar analankhula mosathamanga. Anati iyeyu ndi wamkulu, ndipo woweruza wathu sakonda akuluakulu omwetsa ana. Adzapempha chifundo, koma tisayembekezere. Akavomera, kudzakhala chindapusa, ndipo dzina lake lidzakhala m'mabuku ngati munthu wopezeka wolakwa. Akakana, mlandu udzakoka, mboni ndi apolisi eniake, ndipo mapeto ake akhoza kukhala omwewo. Ndinaona nkhope ya bambo a Revati m'maso mwanga, ndi mawu anga aja akuti agone tulo.

"Nanga mwanayo akapezeka kuti si mwana?" ndinafunsa.

A Pratap anandiyang'ana ngati ndawaponda chilonda. A Inamdar anasiya kutafuna, n'kunena kuti ngati munthu amene akutchedwa mwanayo anali atakwana kale msinkhu tsiku limenelo, ndiye kuti palibe amene anamwetsa mwana, ndipo palibe mwana amene anamwa. Milandu yonse iwiri ikhoza kugwa. Pangafunike mboni yoona kubadwa kwake, ndi madokotala ojambula mafupa. Koma anawonjeza kuti akuluakulu a kiriketi akamva zoti wosewera anachepetsa zaka amamuchotsa, ndipo amene analembetsa tsiku labodzalo naye amakhala ndi mafunso oti ayankhe.

"Mayi, khoswe wakhala pamkhate," anatero. "Ine funso lanulo sindinalimve. Mukafuna kulifunsanso, mupeze loya wanuwanu, chifukwa sindingaimire anyamata awiri amene chopulumutsa mmodzi chikupha mnzake."

M'mawa mwake achemwali anabwera kwathu ndi bokosi la maswiti a mkaka, munthu amene amatha miyezi osaponda pakhomo panga. Anakhala pamkeka, osati pampando. Anayamba ndi kulira, kenako kukumbutsa za amayi athu, kenako n'kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinawafunsa kuti mwambi umenewo anauphunzira liti, poti pamene Kedar ankatchedwa mbuli pamaso pa achibale chifukwa cholephera kupikisana ndi "kamwana", iwo ankangokonza tsitsi. Anati zimenezo n'zakale. Anati Sarang watsala pang'ono kufika, anthu osankha timu yaikulu akumuyang'ana, ndipo ndikalankhula ndiye kuti ndamudula miyendo.

A Pratap anali ataima pakhomo, nsapato osavula. Iwo ndiwo anathira mchere pachilonda. Anati tiyeni tinene zoona, mlamu, Kedar ntchito yake ndi ya matumba, chikasu sichifunsa mbiri ya munthu. Chindapusa adzalipira iwo. Za ukwati, atsikana ndi ambiri.

Ndinanyamula bokosi la maswiti lija n'kuwapatsira m'manja. Ndinawauza kuti zaka ziwiri anabera mwana wanga ndinazilekerera, koma mkazi sadzamubera. Achemwali anatuluka akulira mokweza kuti anansi amve, ine n'kutseka chitseko mokweza kuti anansi omwewo amvenso.

Ndinapeza loya wanga, mtsikana wa magalasi wongoyamba kumene ntchito, amene anamvetsera nkhani yonse n'kunena kuti ikhoza kutheka. Anati pa tsiku loyamba Kedar adzangoyankha kuti akukana mlandu, basi. Zikatero iye adzapempha khoti kuti msinkhu wa Sarang ufufuzidwe, ndipo ine ndidzalumbira n'kunena zimene ndinaona kumudzi. Ndinabwera kunyumba mtima uli m'malo, koyamba chichitikireni nkhaniyi. Ndisabise, sikuti ndinkangoganiza za Revati yekha. Ndinkaonanso chithunzi chija chikutsitsidwa pabalaza pa achemwali, msomali wokha utatsala pakhoma.

Ndinamufotokozera Kedar akudya. Ndinati mawu ake ndi amodzi okha, "ndikukana", zotsalazo asiyire ine. Anali akunyema chapati ndi zala zake zachikasu zija, maso ali m'mbale.

"Ndamva, amayi," anatero.

Ndi mmene amayankhira kuyambira ali mwana, ndiye ndinatenga kuti tagwirizana.

Tsiku la khoti ndinavala sari yanga yobiriwira, imene ndinavala popita ku Miraj. M'khonde la khoti munali anthu ngati pa siteshoni ya sitima, ogulitsa tiyi akudutsa pakati. Achemwali anakhala benchi ina, ine ina. Sarang anali atameta bwino, atavala malaya oyera ngati mwana wa sukulu, nzeru za a Pratap zimenezo. Kedar anaima pambali pake, ndipo ndinaona akumukonzera kolala.

Woweruza anali mayi wa nkhope yosaseka. Anayamba ndi Sarang. A Inamdar analankhula za mwana wabwino, wolakwa koyamba, wa tsogolo lowala, amene anasocheretsedwa ndi akuluakulu. Sarang anavomera ndi mawu a m'khosi. Woweruza anati chigamulo chake anena akamva za winayo. Anawerengera Kedar mlandu wake n'kumufunsa ngati akuvomera kapena akukana. Loya wanga anali atadzuka kale theka, mapepala m'manja. Ine ndinali nditakonza pakhosi.

"Ndikuvomera," anatero Kedar. "Ndine achimwene ake. Ndinayenera kumuletsa, koma ndinamutsekulira ndine."

Loya wanga ananong'ona dzina lake, n'kupempha woweruza kuti alankhule naye kaye pambali. Woweruza anafunsa Kedar ngati akumvetsa zimene kuvomera kukutanthauza, ndiponso ngati wina wamukakamiza. Iye anati akumvetsa, ndipo palibe wamukakamiza. Ndinaimirira kuti ndilankhule, wapolisi wa pakhomo n'kundiuza kuti ndikhale pansi, muno salankhula munthu asanaitanidwe. Sindinaitanidwe. Sarang anamasulidwa ndi chenjezo. Kedar woweruza anamulamula chindapusa, n'kumuuza kuti mkulu amayenera kukhala chitsanzo kwa mng'ono wake. Nkhani yonse inatha msanga kuposa kuphika tiyi.

Panja ndinamukokera kuseri kwa masitepe. Ndinamufunsa kuti akupatsa chiyani anthu amenewa, njinga yamoto? Kapena akuopseza? Ndinamukumbutsa kuti iye si achimwene a munthu aliyense, kuti mnzakeyo ndi mkulu wake, kuti ndakhala ndikumuuza chaka ndi chaka.

"Ndikudziwa, amayi. Naye akudziwa."

"Ndiye wapengeranji? Wataya mkazi chifukwa cha bodza la a Pratap!"

Anati zaka anaba ndi a Pratap, Sarang ali mwana wosadziwa kanthu. Koma amene ankadzuka m'bandakucha kukathamanga si bambo ake, ndipo zala zothyokathyoka zija ndi zake. Anati dzulo lake Sarang anabwera kuntchito kwake n'kumuuza kuti akane mlandu, kuti iye watopa, aulula yekha. Kedar ndiye anamuletsa.

Ndinati ameneyo ndi machenjera chabe, mwana wa njoka ndi njoka. Kedar anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ndipo ndikanakonda akanakwiya.

"Amanditcha achimwene ngakhale tili awiri, popanda womvera," anatero. "Akaluza mpira amabwera kwa ine, osati kwa bambo ake. M'banja lonseli ndi iye yekha amene amandiona ngati munthu wamkulu. Inu amayi, zigoli za Sarang mumazidziwa zonse pamtima. Tandiuzani, pantchito anandikweza liti kukhala woyang'anira sikelo?"

Ndinkadziwa kuti Sarang anamenya zingati ku Nashik, ndinkadziwa tsiku limene anatuluka m'nyuzipepala, ndinkadziwa ngakhale mtengo wa nsapato zake. Za sikelo ndinali ndisanamvepo. Kapena anandiuza ine ndili kalikiliki kunena za achemwali, sindikudziwa. Anadikira pang'ono, kenako anapita kukaima pamzere wolipira, ndipo ndalama za a Pratap anazikana.

Uthenga wa ku Miraj unabwera mwezi wosala usanathe. Sanatchule za khoti, anthu aulemu satero. Anatuma amalume ake a mtsikanayo kudzanena kuti wansembe wayang'ananso nyenyezi zija n'kupeza kuti poyamba anaphonya penapake, sizikugwirizana. Ndinawapatsa tiyi, ndinavomera kuti nyenyezi sitingalimbane nazo, ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Kedar atabwera kuntchito ndinamuuza. Anakhala pakhonde nthawi yaitali osavula nsapato, ndipo chakudya sanachikhudze. Kedar ankamufuna mtsikanayo, zimenezo ndinaziona.

Chithunzi chija chikadali pabalaza pa achemwali. Iwo amandipatsa moni mofatsa masiku ano, ndipo a Pratap akandiona amavula nsapato asanafike n'pakhomo pomwe. Zimenezo sizindikhutitsa kanthu. Ndinkayesa kuti nsanje yanga ili pa chithunzicho, pa nyumba yawo ya masitepe, pa mwayi wawo wosatha. Pano ndikagona ndimaganiza za kolala ija. Mwana amene ndinamubereka ndekha, ndinamulera ndekha bambo ake atapita, anaika pa sikelo mawu anga ndi a mwana wa achemwali, ndipo anga anapepuka.

Madzulo a tsiku la uthengalo Sarang anabwera, atanyamula chakudya m'zitini zosanjikiza. Anandipatsa moni, "Amayi aang'ono," n'kuwerama kuti agwire mapazi anga. Ndinabweza mapaziwo m'mbuyo. Anapita pakhonde n'kukhala pansi pafupi ndi Kedar, ine ndili kukhitchini, zenera lili lotsegula. Kenako ndinamva zitini zikutsegulidwa.

"Achimwene, idyani pang'ono."

Chakudya chimene ndinamuphikira ine chinali chitazizira m'mbale, chovundikira chili pamwamba. Ndinamva Kedar akusamba m'manja.